Zolemba za ntchito ya gap waveguide ku Mzuzu

Januwale, kumayambiriro

Tayamba. Tilipo atatu: ine, amene ndimakonza ma link a microwave pa nsanja za foni kuno kumpoto, mtsikana wina wophunzira za sayansi, amene watenga mbali ya kompyuta, ndi a mdala ena a ku Luwinga omwe ali ndi milling machine yakale yoyendetsa ndi manja, yomwe masiku onse amasemera zitsulo za zigayo ndi za magalimoto. Tikufuna kupanga gap waveguide, njira yoyendetsa mafunde a wailesi pakati pa mapleti awiri achitsulo osakhudzana, yogwira pa 11 GHz ndi zida zopezeka mu Mzuzu muno, kenaka antena yaing'ono yolandira mphamvu kudzera m'menemo. Zikatheka, tidzaona ngati manja omwewa angafike pa 28 GHz.

Ndiyambe ndi vuto lomwe chipangizochi chinabwera kudzathetsa. Waveguide wamba ndi paipi yachitsulo ya ngodya zinayi, yopanda kanthu m'kati. Mafunde amayenda mu mpweya wa m'katimo, magetsi ake nkumayenda pakhungu la makoma. Imataya mphamvu zochepa kwambiri poyerekeza ndi timizere ta mkuwa ta pa bolodi, makamaka frequency ikakwera. Koma ukafuna kugawira mphamvu tiantena 16 kapena 64, sungalumikize mapaipi amodziamodzi. Umasema njira zonse m'chitsulo chimodzi nkuvindikira ndi china pamwamba, ndipo msoko wa pakati pa ziwirizo umagwera pomwe magetsi amadutsa. Pa 28 GHz funde limatalika mamilimita 10.7 okha, pa 60 GHz mamilimita 5. Kampata koti diso silikuona nkokwanira kutulutsa mphamvu, kapena kuilowetsa m'njira yoyandikana nayo. Nchifukwa chake mafakitale amawotcherera zigawozo m'ng'anjo, kapena amamanga timasikuluwu tambirimbiri motsatana, ndipo mtengo umakwerera pomwepo.

Per-Simon Kildal wa ku Chalmers University of Technology, mumzinda wa Gothenburg ku Sweden, analiyang'ana mbali ina. Mu 2009 iye ndi anzake a ku Spain, mwa iwo Eva Rajo-Iglesias ndi Alejandro Valero-Nogueira, anasindikiza ganizo loti zitsulo ziwirizo zisakhudzane nkomwe. Pleti ya pamwamba ikhale yosalala. Ya pansi idzaze ndi timisomali totalika pafupifupi kota ya funde. Kamsomali kalikonse nkolumikizana ndi pleti patsinde pake, pomwe magetsi amayenda mosavuta, koma ukakwera kota ya funde kuchokera pamenepo zinthu zimatembenuka: pansonga magetsi amalephera kudutsa kupita ku kamsomali kena. Pleti yosalala imalola electric field yoimirira yokha, nsonga za timisomali zimalola yogona yokha, ndipo mpata wa pakati pawo ukachepera kota ya funde, palibe funde lomwe lingakwaniritse zofuna za mbali zonse ziwiri. Ndiye siliyenda, kulowera kulikonse. Ukazula timisomali pa mzere wina nkusiya ngalande, funde limatsata ngalandeyo basi, ngakhale pamwamba pali mpata wowonekera dzuwa.

Ganizoli linachokera mu ntchito ya Kildal ya m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 yokhudza makoma a mizeremizere a m'ma horn antenna, ma antena ooneka ngati lipenga. Mu 2011 anayambitsa kampani ya Gapwaves ku Gothenburg komweko. Iye anamwalira mu 2016, koma lusoli lafika kale m'ma antena a radar ya m'magalimoto, yomwe imagwira pakati pa 76 ndi 81 GHz.

Ine chondikokera si magalimoto ayi, ndi mvula. Aliyense wogwira ma link pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay amadziwa momwe signal imagwera mitambo ikatsika pa Viphya. Malinga ndi masamu a ITU, bungwe la padziko lonse loona za kulumikizana pa foni ndi wailesi, mvula ya mamilimita 50 pa ola imadya pafupifupi 9 dB (muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa mphamvu ya signal) pa kilomita iliyonse pa 28 GHz, pomwe pa 11 GHz imadya pafupifupi 2 dB. dB iliyonse yotayikira m'kati mwa antena ndi dB yomwe ukanasungira mvula ya Malichi.

Januwale, kumapeto

Miyeso tagwirizana. Pa 11 GHz funde limatalika mamilimita 27.3, kota yake ndi 6.8. Tasankha timisomali totalika mamilimita 8 kuti malire a pansi a stopband, chigawo cha ma frequency omwe timisomali timatseka, akhale kutali ndi pomwe tikuyezera. Kuwerengera kwa pamwambamwamba kumati stopband imayamba pomwe msomali wakwana kota ya funde, ndipo imatha pomwe msomali pamodzi ndi mpata zakwana theka la funde. Ndi msomali wa 8 ndi mpata wa milimita imodzi, ndiye kuti kuyambira cha pa 9.4 mpaka cha pa 16.7 GHz.

Kunenepa kwa kamsomali ndi mamilimita 3, pakati pa kamsomali ndi kanzake mamilimita 4, ndiye kubwereza pa mamilimita 7 aliwonse. Nambala ya 4 sinachokere m'buku. A mdala ali ndi end mill (chodulira chozungulira cha pa makina awo) ya mamilimita 4, ndipo ikathyoka ina imapezeka. Tikazula mizere iwiri ya timisomali, ngalande imatuluka ya mamilimita 18 mulifupi ndi 9 msinkhu, kufupi kwambiri ndi waveguide ya WR-75, yomwe ndi 19.05 kwa 9.525.

Achemwali athu a kompyuta ayesa zonsezi mu openEMS, pulogalamu yaulere yomwe imayenda ndi Octave kapena Python. CST ndi HFSS, zomwe ma lab akuluakulu amagwiritsa ntchito, mtengo wake sitingaukwanitse. Anajambula mapleti awiri, mizere ya timisomali pakati, nkuona mphamvu yodutsa. Zotsatira zikugwirizana ndi zomwe ofufuza a ku Chalmers akhala akunena: mzere umodzi umachepetsa, iwiri imatseka mokwanira pa ntchito zambiri, wachitatu umangomalizitsa. Laputopu yawo imatentha ndi ntchitoyi, ndipo magetsi akazima simulation isanathe, amayambiranso, ndiye tsopano ikuyendera pa batire ya sola.

Febuluwale

Ndinapita ndi chojambula ku Luwinga. A mdala anachiyang'anitsitsa, nkufunsa pomwe tidzamange mabauti kuti chivindikiro chigwire zolimba.

"M'makona mokha, abambo," ndinatero. "Pakati ponse chisakhudze."

"Ndiye chizingoyandama ngati chivindikiro cha mphika wa nyemba ukamawira? Nanga zanuzo sizithawira m'mbalimo, achimwene?"

Ndinawauza kuti zimenezo ndi zomwe tikufuna kuyesa. Anagwedeza mutu, koma pomwepo anaona chinthu chomwe chapeputsa ntchito yonse. Ine ndimaganiza za timisomali ngati zinthu zoti zisemedwe kamodzikamodzi. Iwo anati ayi, palibe chosema msomali apa: ungodula mizere yowongoka kulowera uku, utembenuze chitsulo, udule mizere yowongoka yopingasa, zotsalira pakati ndiye timisomali tako. Makina oyendetsa ndi manja amaitha ntchito imeneyo bwinobwino, chifukwa palibe pokhota. Pomwe pakufunika ngalande, umabwerera nkumweta timisomali ta pamenepo.

Panali ganizo lina, loboola mabowo nkulowetsamo masikuluwu a M3 kuchokera pansi, kuti msinkhu uzisinthika. Talikana. Gap waveguide imakumasula pa msoko wa chivindikiro, koma sikumasula patsinde pa msomali. Pamenepo ndi pomwe magetsi amachuluka kwambiri, ndipo aluminiyamu imachita kachikopa kosadutsa magetsi ikangokumana ndi mpweya. Masikuluwu mazana angapo, lililonse lolumikizana mosiyana ndi linzake, angatipatse zotsatira zosadziwika mutu wake. Msomali wosemedwa kuchokera m'chitsulo chomwecho ulibe vuto limenelo.

Aluminiyamu imamatirira ku end mill ikatentha. A mdala amathira parafini pang'onopang'ono, ndipo satsika mamilimita 8 onse kamodzi. Pleti yoyamba ili ndi ngalande imodzi yowongoka, mizere inayi ya timisomali mbali iliyonse. Tapala nsonga zonse ndi kafayilo, chifukwa kachitsulo kotsalira pansonga kangathe kukhudza chivindikiro.

Malichi, kumayambiriro

Network analyser, chida choyezera mphamvu yodutsa ndi yobwerera, yofika 11 GHz tilibe, ndipo sitikuyembekezera kukhala nayo. Koma pafupifupi nyumba iliyonse ya dishi mu Katoto kapena Chibavi ili ndi cholandirira mafunde a 11 GHz chabwino kwambiri: LNB, kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kaja. Imalandira kuyambira 10.7 mpaka 12.75 GHz nkutsitsa frequency pochotsera 9.75 GHz, kapena 10.6 GHz ukaitumizira kamvekedwe ka 22 kHz. Ndiye signal ya 11 GHz imatuluka pa 1250 MHz, pomwe ka RTL-SDR, kawailesi ka pa kompyuta kolowetsa pa USB, kamamva bwinobwino. LNB imafuna ma volt 13 kapena 18 kudzera pa chingwe chomwecho, ndipo mphamvu ya ma volt ndi yomwe imasankha ngati ikumva mafunde oimirira kapena ogona. Anthu okonda za wailesi ngati chosangalatsa amachita zomwezi pomvera QO-100, njira yawo yolankhulirana yomwe ili pa satellite ya Es'hail-2 yomwe inakwezedwa mu 2018 ndipo imatumiza cha pa 10.489 GHz.

Chopangira signal ndi kabolodi ka ADF5355, komwe kamafika 13.6 GHz. Kanachedwa panjira, koma kafika.

Zinthu ziwiri zofunika kusamala. LNB imakulitsa signal kwambiri, ndi ma dB oposa 50, chifukwa inapangidwira kumva satellite yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000. Ukaisendeza pafupi ndi chopangira signal imakhuta, nkumaonetsa nambala imodzi ngakhale usinthe chiyani. Taika ma attenuator angapo, tizida tochepetsa mphamvu ya signal, ndipo tisanakhulupirire muyeso uliwonse timawonjezera attenuator ya 10 dB kuona ngati signal yatsikadi ndi 10. Tazimitsanso AGC, yomwe imakweza kapena kutsitsa signal yokha, mu pulogalamu ya SDR. Chachiwiri, 11 GHz ndi pomwe anthu amalandirira TV, ndipo mafunde a wailesi m'dziko muno amayendetsedwa ndi malamulo a MACRA. Mphamvu yathu taitsitsa kufika pa ma microwatt, ndipo sitilozetsa chilichonse ku madishi a anzathu.

LNB yakale yomwe tinayamba nayo imasuntha frequency malinga ndi kutentha. M'mawa kukazizira signal ili apa, dzuwa likakwera yasunthira apo. Tagula ya mtundu wa PLL, ndipo yakhazikika.

Malichi, pakati

Yagwira.

Polowetsa ndi potulutsa mphamvu tagwiritsa ntchito ma connector a SMA, kawaya kake ka pakati kotuluka pafupifupi mamilimita 6 m'ngalande, kutsogolo kwa mzere wa timisomali wotseka kumapeto. Funde la m'ngalande limatalika kuposa la panja, cha pa mamilimita 39, ndiye kawayako kali pafupifupi mamilimita 10 kuchokera kumapetoko. Chivindikiro chakhala pa timawashala ta milimita imodzi m'makona anayi.

Signal inadutsa. Kenaka tinayendetsa LNB kuzungulira m'mphepete, moyang'anizana ndi mpata. Pomwe pali timisomali, zomwe imamva nzochepa kwambiri kotero kuti zambiri zikuoneka kuti zikutuluka pa zingwe ndi pa kabolodi, osati mu mpata: titakulunga kabolodiko ndi foil zinatsikanso. Kuti titsimikize, tinayesa pleti ina yomwe a mdala anasemamo ngalande yofanana koma ya makoma osalala, opanda timisomali, nkuivindikira ndi mpata womwewo wa milimita imodzi. Imeneyo inawazira mphamvu mbali zonse, LNB inakhuta. Kusiyana kwake sikofuna masamu. A mdala anabwera kudzaona, anasuzumira mu mpatamo naona kuwala kwa tsidya lina, nayang'ananso pa laputopu. Anangoti, "Chabwino. Bweretsani chojambula chinacho."

Tinalowetsa pepala mu mpata, pamwamba pa timisomali: palibe chosintha chooneka. Tinamasula mabauti awiri: chimodzimodzi. Izi pa waveguide wamba wosemedwa sizingatheke.

Malichi, kumapeto

Apa ndi pomwe ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pomwe taphunzira malire a lusoli. Anthu akamati gap waveguide safuna msoko wabwino, wina angamve ngati safuna kusamala kulikonse. Si choncho. Vuto limangosamuka: limachoka pa kulumikiza nkupita pa kusalala kwa mapleti ndi kufanana kwa mpata.

Tinayesa mipata yosiyanasiyana pogwiritsa ntchito feeler gauge, tizitsulo topyapyala ta amakaniko toyezera mipata. Pa theka la milimita zonse zili bwino. Pa milimita imodzi zili bwino. Pa mamilimita awiri, 11 GHz ikadali yotsekeka koma kutayikira kwayamba kumveka, makamaka tikatsikira ku 10.7. Tikapitirira pamenepo mpanda umagwa. Zikugwirizana ndi simulation: mpata ukakula, malire a pansi a stopband amakwera, a pamwamba amatsika, mpaka amakumana. Mpata waung'ono umapereka stopband yotakata chifukwa nsonga ya msomali ndi chivindikiro zimachita ngati capacitor, ndipo capacitor imeneyo imakokera malire a pansi m'munsi.

Pochita izi tinaona kuti feeler gauge imalowa mosiyana pakati ndi m'makona. Titagoneka pleti pa galasi lokhuthala, inapezeka kuti yapindika pang'ono. Aluminiyamu yopangidwa mopsinja pa ma roller imasunga mphamvu m'kati mwake, ndipo ukasema mbali imodzi mozama, mphamvuyo imamasuka, chitsulo nkukhota. A mdala akuti izi amakumana nazo pa ntchito zina, ndipo mankhwala ake ndi atatu: kuyamba ndi chitsulo chokhuthalirapo, kupala mbali zonse ziwiri usanayambe kudula mizere, ndi kumasula vice nkumanganso mofewa usanadutse komaliza. Pleti yopindikayo tinaikonza pokhula nsonga za timisomali pa sandpaper yonyowa yomatidwa pa galasi.

Pa 11 GHz kupindika kumeneku sikunawononge kanthu, chifukwa nkochepa poyerekeza ndi mpata wa milimita imodzi. Koma ndikuwerengera kutsogolo. Pa 28 GHz mpata udzakhala theka la milimita kapena kucheperapo, pa 77 GHz cha pa 0.15. Kupindika komweko kumene lero tikukunyalanyaza kudzakhala theka la mpata wonse. Ine ndikuona kuti kwa ife vuto la kusalala ndi labwino kuposa vuto la msoko. Kusalala timatha kukuyeza ndi galasi ndi feeler gauge, nkukukonza ndi manja. Msoko wowotcherera m'ng'anjo ya vacuum sitingaupange, ndipo ukalakwika sungauone ndi maso.

Epulo

Tinafunika njira yodziwira mphamvu yomwe ikubwerera m'mbuyo, chifukwa popanda zimenezo chogawira mphamvu sungachikonze. Tabwerera ku njira yakale ya slotted line, yomwe akatswiri ankagwiritsa ntchito ma network analyser asanabwere. Pakatikati pa khoma lalikulu la waveguide magetsi amayenda motsata utali, ndiye kamng'alu kakang'ono kotsata mzere wa pakatiwo sikawadula, ndipo sikatulutsa mphamvu yochuluka. Popeza chivindikiro chathu nchongoikapo, tinapanga china chokhala ndi kamng'alu kotero, nkumayendetsamo kawaya kolowa pang'ono chabe. Chingwe chake chimathera m'chitini chotseka momwe muli LNB, ndipo m'kati mwa chitinimo tayalamo thovu lakuda losungiramo ma IC kuti mafunde asamagunde makoma nkubwerera. Funde lopita ndi lobwerera zikakumana, pamakhala malo amphamvu ndi ofooka motsatana. Kusiyana kwa ziwirizo kumakuuza mphamvu yobwerera, ndipo mtunda wa pakati pa malo awiri ofooka ndi theka la funde la m'ngalande. Tinapeza pafupifupi mamilimita 20, kusonyeza kuti funde limaona ngalande yotakatirapo kuposa mamilimita 18 omwe vernier imaona. Limalowerera pang'ono pakati pa timisomali ta mzere woyamba lisanabwerere.

Chogawira choyamba ndi ngalande ya maonekedwe a T. Chopanda chilichonse pamphambano chimabweza mphamvu yambiri, chifukwa funde likufika nkukumana ndi khoma kutsogolo ndi njira ziwiri m'mbali. Tasiya kamsomali kamodzi pamphambanopo, pakati penipeni, kotalika kufika pafupi ndi chivindikiro, kuti kaligawe. Malo ake enieni tinawapeza poyamba ndi kachitsulo kosunthika, tikuyang'ana slotted line, kenaka a mdala anasema pleti yatsopano ndi kamsomali kokhazikika pamenepo. Nthambi ziwirizo zikutulutsa mphamvu yofanana mpaka pomwe zida zathu zingasiyanitsire. Pa T yogona chotere mafunde a nthambi zonse ziwiri amatuluka nthawi imodzi, osati motembenuzana, ndipo ndi zomwe antena ikufuna.

Ndiye tinafika pa funso lomwe latidyera mwezi wonse. Mabowo a antena otulutsira mafunde ayenera kutalikirana mosakwana funde limodzi. Akapitirira, antena imatulutsa mphamvu ina m'mbali, zomwe amazitcha grating lobes. Ngalande yathu ndi mamilimita 18, mizere iwiri ya timisomali yolekanitsa ngalande ziwiri imatenga 10, pamodzi 28. Funde ndi 27.3. Ndiye kuti ngalande iliyonse ikakhala ndi bowo lake, tidzataya mphamvu cha pa madigiri 77 mbali zonse ziwiri. Tikasiya mzere umodzi wokha, mtunda umatsika kufika 21, koma mzere umodzi sutseka mokwanira, ngalande zimayamba kubera mphamvu.

Achemwali ankafuna tisinthe tipite ku ridge gap waveguide, pomwe m'malo mwa ngalande pamakhala kamzere kachitsulo kokwera pakati pa timisomali, funde nkumayenda mu mpata wa pamwamba pake. Kamzereko nkopyapyala, kotero njira zimatha kuyandikana.

"Ankolo, malo tipeza ambiri, ndipo bandwidth ikula," anatero.

Ndi zoona, ridge imagwira pa ma frequency ochulukirapo. Koma pa ridge mphamvu yonse ili mu mpata weniweniwo, ndipo impedance, kulimba komwe funde limakumana nako m'njiramo, imatsatira msinkhu wa mpata. Mpata ukasintha ndi gawo limodzi mwa khumi, impedance imasinthanso pafupifupi chomwecho. Pa ngalande, msinkhu wonse ndi mamilimita 9, ndiye kusintha komweko nkochepa kwambiri. Ndi zomwe tinaona pa kupindika kwa mapleti, ndinawapempha kuti tikhale pa ngalande mpaka titadziwa kuti kusalala tikukukwanitsa. Ngalande imatayanso mphamvu zocheperapo, popeza magetsi amamwazikana pa malo aakulu. Anavomera, koma ridge akupitiriza kuijambula mu openEMS, ndipo ndikuganiza kuti tidzaifuna antena ikadzakula.

Njira yomwe tatenga ndi yomwe ofufuza a ku Chalmers agwiritsa ntchito pa ma antena ambiri a 60 GHz: zigawo zitatu zosanjikizana. Pansi pali ngalande zogawira. Pakati pali pleti yokhala ndi bowo limodzi pamwamba pa mapeto a ngalande iliyonse, lolowetsa mphamvu m'kachipinda kozunguliridwa ndi timisomali. Pamwamba pali pleti yokhala ndi mabowo anayi pa kachipinda kalikonse. Motero ngalande imodzi imasamalira mabowo anayi, ndipo ngalande zimatha kutalikirana kawiri. Ife tasankha mamilimita 42, omwe ndi 7 kuchulukitsa ka 6, kuti zigwere pa mizere ya a mdala. Pakati pa ngalande ziwiri patsala mizere inayi yathunthu, ndipo mabowo a pamwamba atalikirana mamilimita 21. Apa ndi pomwe phindu la lusoli likuonekera bwino: misoko iwiri, yonse yopanda kuwotcherera.

Panali njira yachidule, yondandalika mabowo onse pa ngalande imodzi yaitali. Taisiya chifukwa pa njira imeneyo frequency ikasintha pang'ono, antena imaloza kwina. Kugawa kwa nthambi kumapangitsa kuti mtunda wochokera polowera kufika pa bowo lililonse ukhale wofanana.

Meyi

Antena ya mabowo asanu ndi atatu yatha: T imodzi, tizipinda tiwiri, mabowo awiri kwa anayi, lililonse lotalika pafupifupi theka la funde. Nkhope yake ndi mamilimita 42 kwa 84. Masamu amati nkhope yotere pa 11 GHz gain yake, kutanthauza momwe antena imasonkhanitsira mphamvu kutsogolo, singapitirire 17.7 dBi, ndipo mbali yaitaliyo mphamvu iyenera kutsika ndi theka cha pa madigiri 8 uku ndi uku, nkuzimiratu cha pa madigiri 19.

M'nyumba simuyezeka. Malata ndi mafelemu a mawindo amabweza mafunde, ndipo ukangosuntha mkono nambala zimavina. Tinapita pabwalo lopanda nyumba pafupi, antena pa stulu yozungulira yomwe tajambulapo madigiri, LNB pa mtengo mamita anayi kutsogolo. Kwa antena yaing'ono chotere mita imodzi ikanakwana, koma kutalikirako kumathandiza kuti LNB isakhute. Zonse tinazikweza kuti funde logunda pansi lisasokoneze kwambiri.

Maonekedwe atuluka monga tinayembekezera: mphamvu kutsogolo, kuzima kwakuya cha pa madigiri 19 mbali zonse, ndipo cha pa 77 palibe chotumphuka. Mbali imodzi kuzimako nkosaya pang'ono kuposa inzake, zomwe zikusonyeza kuti kachipinda kamodzi sikakufanana ndendende ndi kanzake. Vernier ikusonyeza kuti bowo limodzi la pakati ndi lalitaliko pang'ono. Pleti ya pakati isemedwanso. Gain yeniyeni sitinailembe, chifukwa tikufunika horn yodziwika gain yake yoyerekezera nayo. Tikupanga imodzi ndi mkuwa kuchokera pa miyeso yowerengeka.

Chinthu china chomwe ndachiona pa nsanja zaka zonsezi chabweranso apa. Antena titaisiya pakhonde, m'mawa tinapeza tinthu ta mame pakati pa timisomali, ndipo signal inatsika mpaka itauma. Madzi amamwa mafunde amenewa kwambiri. Mavu nawonso amakonda timipata totere, ndipo amamanga ndi dothi. Ndiye ngakhale mpata sufuna kutsekedwa chifukwa cha magetsi, ukufuna kutsekedwa chifukwa cha nyengo ya Mzuzu. Ubwino wake ngwoti chotsekeracho chingakhale mphira wamba kunja kwa mzere womaliza wa timisomali, komwe funde silifika. Kutsogolo kukufunika pulasitiki yopyapyala yophimba mabowo, ndi kabowo kakang'ono pansi kopumira, kuti chinyezi chisaunjikane m'kati.

Juni

Takambirana zochepetsa miyeso kuti tifike pa 28 GHz. Ine ndinabwera ndi ganizo lochepetsa miyeso yonse ka 2.5 kuti 11 GHz isanduke 27.5, yomwe ili m'chigawo cha 5G cha 26.5 mpaka 29.5 GHz. Zikanafuna end mill ya mamilimita 1.6. A mdala anati tingogawa pawiri chilichonse: timisomali totalika mamilimita 4, tonenepa 1.5, pakati 2, mpata theka la milimita, ngalande ya mamilimita 9. Titawerengera, stopband ikukhala cha pa 19 mpaka 33 GHz, ndiye 28 GHz ili m'kati. Mulinso 24.125 GHz, pomwe pamagwira timamodule totchipa ta radar tozindikira kuyenda kwa munthu, ndipo timeneto tingakhale chopangira signal chathu choyamba, popeza ADF5355 ndi LNB sizifika kumeneko. Mabowo a antena adzawerengedwa paokha malinga ndi frequency yomwe tidzasankhe.

Podula mizere ya mamilimita awiri akufuna kugwiritsa ntchito slitting saw m'malo mwa end mill, chifukwa sipindika ndipo imasiya makoma osalala. Kusalala kwa khoma kukuyamba kufunika tsopano. Magetsi a 11 GHz amalowa mu aluminiyamu mosakwana micrometre imodzi, a 28 GHz pafupifupi theka la micrometre, ndiye mikwingwirima yosiyidwa ndi chodulira imatalikitsa njira yawo nkuwonjezera kutayika. Kusalowa mozama komweku ndi komwe kumalola mafakitale kuumba timisomali ndi pulasitiki nkungokutira ndi kachitsulo kopyapyala pamwamba, njira yomwe imatsitsa mtengo akamapanga zambirimbiri.

Sabata ino a mdala akupala mbali zonse ziwiri za chitsulo chatsopano, chokhuthala mamilimita 20, ndipo chigona masiku angapo asanachidule kuti tione ngati chikhota. Achemwali akuthamangitsa simulation ya ngalande ya mamilimita 9 ndi mipata ya 0.3, 0.5 ndi 0.7, kuti tidziwe kupindika komwe tingalole. Ine ndikumaliza horn ya mkuwa, ndipo ikatha tibwerera pabwalo ndi pleti ya pakati yatsopano kukayeza gain.